Kompyuta ya Malemu Lekeleni

Sendezani mipando kuno. Inu muli ndi foni m'manja, ibwezereni m'thumba, chifukwa nkhani ndikufuna kukambayi ndi ya m'bale wake wa chinthu chomwecho.

Ku Chilinde, kuseri kwa chigayo, kuli kachipinda kopaka penti wobiriwira kamene anthu amakalambalala masiku ano. Mwini wake ndi Nyozani. Amene munamuonapo mukumudziwa: mwamuna wamtali, wa mawu ngati lole yokwera chitunda, munthu amene chibadwire sanaphunzire kugonja. Akagonja pa bawo, bawolo linkagudubuzika, nkhomo n'kumwazika bwalo lonse. Anali munthu wovuta, ndipo palibe chifukwa chomupakira mafuta.

Mng'ono wake, Lekeleni, anali wofatsa, wokonda kusekera m'kati ndi kutafuna mtedza wokazinga. Iyeyu anamanga kompyuta yake yekha, chidutswa ndi chidutswa, zaka ziwiri zathunthu: mwezi uno fani, mwezi winawo ramu, mpaka chinatuluka chibokosi chakuda chosewerera magemu chimene Chilinde yense ankachikamba. Loweruka lililonse Nyozani ankapita kwa mng'ono wakeyo kukasewera gemu ya mpira, ndipo Loweruka lililonse ankabwerako nkhope ili ndwii. Chaka chonse sanapambaneko ngakhale kamodzi.

Ndiye Loweruka lina, dzuwa lili paliwombo, Lekeleni anakwera kabaza wa njinga yamoto kuthamangira m'tauni. Pobwerera anakumana ndi lole pa mlatho, n'kufera pomwepo. Palibe amene ankadziwa chimene anathamangira. Mkazi wake, Sungeni, anali kumsika kogulitsa kaunjika, ndipo uthenga unamupeza komweko.

Tsono mwambo mukuudziwa. Katundu wa malemu sakhudzidwa. Ngakhale supuni, ngakhale nsapato yong'ambika, zimakhala pomwe mwini wake anazisiya mpaka achibale atakumana, eni mbumba atalankhula, n'kugawa poyera. Koma tsiku loika maliro, anthu ali kumanda, nyimbo ili m'kati, Nyozani anazemba n'kubwerera kunyumba ya siwa. Anakulunga kompyuta ija m'chitenje cha Sungeni yemweyo, sikirini n'kuikwapatira kukhwapa. Amayi amene ankaphika atamufunsa, anati akukaisunga kuopa akuba.

Patapita masiku anayi, pakhoma la kachipinda kaja panali patalembedwa kale kuti MAGEMU PANO. Sungeni anafika atavala duku lakuda, n'kuima pakhomo osalowa.

“Alamu,” anatero, “dothi la pamanda silinaume, inu mwatsegula kale bizinesi?”

“Iwe unabwera ndi kompyuta pochoka kwanu?” anayankha Nyozani, osacheuka n'komwe. “Chinthu cha m'bale wanga ndi changa.”

“A malume anu a Kachingwe anena kuti Loweruka lomaliza la mwezi uno ndiye logawa katundu. Kompyutayo ikapezeke pamphasa pamodzi ndi zina zonse.”

“Kawauze a malumewo adzainyamule okha, ngati msana ukuwalola.”

Sungeni anatembenuka n'kumapita. Nyozani analumbira pomwepo, anyamata osewera akumva, kuti kompyuta ija sidzatuluka m'chipindamo, kaya abwere malume, kaya abwere apolisi.

Tsiku lomwelo inayamba kuthima.

Anyamata awiri ankasewera mpira, anzawo atawazungulira, phokoso lili pakamwa. Wina anali atangodutsa otchinga kumbuyo, watsala ndi goloboyi yekha, basi sikirini bii! Mafani onse anaima. Munali zii, moti ankamva chigayo chikulira kutsidya.

“Magetsi amenewo,” anatero Nyozani. Koma babu la kudenga linali chiyakire.

Anaiyatsanso. Inayaka bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Anyamata anayambanso mpira wina, ndipo chakumapeto kwake, bii! Wachitatu chimodzimodzi. Magemu ena, a magalimoto ndi a nkhondo, ankayenda tsiku lonse osatsokomola. Koma anthu a ku Chilinde sabwerera magalimoto. Amabwerera mpira.

Nyozani anayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo. Anasintha soketi. Anabwereka chingwe china kwa wometa tsitsi wa pafupi. Wina atamuuza kuti mwezi wa Okutobala makompyuta amafa ndi kutentha, anamasula chitseko cha pambali pa chibokosicho n'kuchilozetsa fani yaikulu ya m'nyumba. Anatenga pampu ya njinga n'kupopera m'kati kuti fumbi lituluke. Fumbi linatulukadi, koma pamodzi ndi fumbilo panauluka timakoko tofiira ta mtedza. Iye anatukwana malemu chifukwa cha uve, n'kusesa. M'mawa mwake atasuzumira m'chibokosimo, timakoko tina tinali titadzaza pansi, tonunkhira ngati mtedzawo angouphula kumene.

Anasesanso, koma ulendo uno sanatukwane.

Amene anazindikira za nthawi anali mmodzi wa osewera, kondakitala wa minibasi amene ankabwera kudzapuma masana.

“Bigi, mwaona koma? Makina anuwa akumafa pamalo amodzimodzi. Wotchi ya gemu ikangofika pa 81, basi. Dzulo 81, lero 81. Kaya ndi mpira wautali, kaya waufupi.”

“Ukudziwa chiyani za makompyuta iwe? Pita ukaitanire anthu a ku Kawale.”

Anzake anaseka, koma atayesa, zinali zoona. Pa 80 mafani ankalira bwinobwino. Pa 81, bii. Nyozani anayang'ana kumbali. Nambala imeneyo ankaidziwa, ndipo m'chipinda monsemo amene ankaidziwa anali iye yekha.

Panalinso zina zing'onozing'ono zimene munthu sangakadandaule nazo kwa mnzake. Madzulo potseka ankakulunga mapadi onse awiri, timakina togwira m'manja posewera tija, n'kuwaika mudirowa. M'mawa imodzi inkapezeka pampando wa kumanzere, chingwe chake chitatambasulidwa bwinobwino. Mpando umenewo osewera anayamba kuukana. Ankati ukakhalapo umamva ngati wakhalira munthu pamiyendo. Masikuluwu amene ankamasula n'kuika m'kapu ankasowa, kenako n'kuwapeza atamangidwa kale m'malo mwake, molimba kuposa mmene iye amamangira.

Lachitatu la sabata yachiwiri, cha m'ma 3 koloko masana, njinga yamoto inaima pakhomo. Wa kabazayo anali mlendo, nkhope yosadziwika m'deramo. Anavula chipewa chake n'kusuzumira m'chipindamo.

“Achimwene, amene ndamutsitsa panoyu walowa muno?”

“Muno simunalowe munthu.”

“Ayi, walowa muno ndikuona. Wamfupi, wa shati ya mizeremizere.” Wa kabazayo anamwazamwaza maso, n'kuyang'ana mpando wa kumanzere uja, kenako n'kukanda m'mutu. “Kaya. Mukamuona mumuuze kuti mawa sindibwera, apeze wina. Masiku atatu tsopano ndikumunyamula pa mlatho paja, koma thupi lake likumandizizira kumsana ngati botolo la mufiriji. Komanso salankhula. Amangoloza.”

Analiza njinga yake n'kumapita. Anyamata atatu amene anali m'chipindamo anadzuka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira ntchito imene anaisiya kunyumba. Shati ya mizeremizere ndi imene Lekeleni anavala tsiku la ngozi.

Apa ndi pamene Nyozani anaitana Nachanza.

Nachanza ndi mayi wokonza makompyuta ndi mafoni pamsika wa Chilinde, wonenepa, wovala magalasi omangidwa ndi waya, ndipo lilime lake ndi lakuthwa kuposa sikuludiraiva yake. Anafika ndi chikwama cha zipangizo, n'kuyang'ana fani yaikulu ija ndi pampu ya njinga ili pakona.

“Mwaipopa ngati tayala? Chatsala n'chiyani, kuithira madzi?”

“Ndakuitanani kuti mukonze, asisi, osati mundiphunzitse.”

“Ndiye khalani chete.”

Anagwira ntchito yake mwadongosolo, monga amachitira. Anazula ramu, n'kuipukuta, n'kuibwezera. Anachotsa fani ya pa pulosesa, ubongo wa makinawo, n'kupala phala lakale louma lija, n'kupaka latsopano loziziritsa. Anayang'ana mawaya limodzilimodzi. Anayatsa mpira n'kuusiya uziyenda wokha, iye akuwerenga kutentha kwa makinawo pakona ya sikirini.

“Sikutentha,” anatero. “Ikuzizira kuposa yanga.”

Pa 81, bii.

Nachanza anavula magalasi n'kuwapukuta. “Kuthima kotereku, kopanda chenjezo, kawirikawiri ndi pawa sapulayi. Ndi kabokosi aka, kamene kamalandira magetsi a kukhoma n'kugawira zinthu zonse m'katimu. Kakatopa, gemu ikafika povuta kamangogwa.” Anakamasula, n'kukatulutsa, n'kukanunkhiza. Nkhope yake inasintha. Anakatsegula chivundikiro, ngakhale iye mwini amaletsa anthu kutero.

M'kati munali makala okhaokha. Mawaya anali atasungunuka n'kugwirana, tizitsulo tina titaphulika. Ndipo pamwamba pa makalawo kangaude anali atalukapo kale ukonde wake.

“Bambo,” anatero Nachanza, mawu atatsika, “aka kanapsa kalekale. Si lero, si dzulo. Kompyuta iyi siyenera kuthima pa 81. Siyenera kuyaka n'komwe.”

“Ndiye mwaona nokha ikuyaka.”

“Ndaona. N'chifukwa chake ndikufunsa. Kanapsa liti, ndipo kanapsa bwanji? Kupsa kwa mtundu uwu ndimakuona munthu akazula pulagi makina ali pa ntchito, n'kuibwezeranso mwankhanza.”

“Ine ndidziwa bwanji? Sinali kwa ine.”

Linali bodza, ndipo thukuta limene linatsika m'khosi mwake linkadziwa zimenezo. Loweruka lija la ngozi, Nyozani anali kwa mng'ono wake, awiriwiri. Lekeleni anali atamumwetsa zigoli zitatu kwa duu, akutafuna mtedza wake, akusekera m'kati muja. Pa mphindi ya 81 anatenganso mpira, n'kudutsa osewera awiri, n'kutsala ndi goloboyi. Nyozani sanathe kupirira chachinayi. Anatambasula dzanja n'kuzula pulagi kukhoma. Ataona mmene nkhope ya mng'ono wake inagwera, anaibwezera mokankha, akunena kuti, “Nayotu kompyuta yakoyo!” Kunamveka phu! ndi fungo la mawaya. Lekeleni sanamutukwane. Anangoyang'ana wotchi, n'kunena kuti masitolo a m'tauni amatseka msanga Loweruka, n'kutuluka akuthamanga. Nyozani anapita kwawo, ndipo sanauze munthu aliyense.

Nachanza analongedza zipangizo zake.

“Ine ndimakonza zinthu zoonongeka,” anatero. “Ichi sichinaonongeke. Chili ndi mwini wake. Kachibwezeni kumene munachitenga, mukapepese kwa mayi wamasiye uja, a malume anu alankhulepo mawu.”

“Ndimayesa ndaitana wokonza makompyuta, kani ndaitana sing'anga? Ikani pawa sapulayi ina basi.”

“Ikani nokha. Manja angawa ndimadyetsera ana.”

“Choka! Mbuli ya mkazi. Ukalephera ntchito uzingonena.”

Nachanza anaima pakhomo n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. “Choipa chitsata mwini, bambo. Tsalani nacho.”

Munthu wina akanamva. Koma Nyozani anakhala pansi n'kuyamba kuganiza, ndipo nzeru imene anaipeza inamusangalatsa mpaka anaseka yekha. A malume akufuna kompyuta ya Lekeleni? Aipeza. Kompyuta n'chiyani, ngati si zidutswa? Akasintha chidutswa chilichonse, za malemuzo n'kuzibweza, chotsalacho chidzakhala chake, ndipo palibe wamoyo kapena wakufa amene adzakhale ndi chonena.

Anagulitsa firiji, anagulitsa wailesi ndi sofa. Sabata yonse ankakwera minibasi kupita m'tauni n'kubwerako ndi katoni. Anaika pawa sapulayi yatsopano: pa 81, bii. Anasintha ramu: bii. Anasintha khadi ya zithunzi, anasintha hadi disiki n'kuikamo gemu yatsopano, yopanda dzina la Lekeleni paliponse: bii. Chilichonse chimene ankachotsa ankachiponya m'thumba la feteleza pakona. Usiku sankagona bwino, masana sankadya, maso anafiira ngati a munthu wosuta. Oyandikana naye ankamumva akukangana ndi makinawo. “Uona,” ankatero. “Uona kuti wamkulu ndani.”

Pofika Lachinayi anali atasintha mazabodi, pulosesa, mafani, mawaya, sikirini, mapadi, mpaka chibokosi chenichenicho. Chatsopanocho chinali choyera. Panalibe ngakhale sikuluwu imodzi imene Lekeleni anaigwirapo.

Lachisanu m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti agawe katundu, anasenza thumba lija ndi chibokosi chakuda chopanda kanthu, n'kukazitula pakhomo pa Sungeni ngati akutula zinyalala.

“Nayo kompyuta ya mwamuna wako. Ukaike pamphasa.”

Sungeni anasuzumira m'thumbamo. “Zaka ziwiri anamanga chinthu ichi. Mwachikhadzula ngati mbuzi.”

“Chilichonse chilimo. Werenga.”

“Dikirani, alamu.” Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kakatoni kophwanyika pakona, kothimbirira ndi dothi. “Apolisi anandipatsa ichi. Anachipeza pamsewu, pambali pake. Ndinakawaonetsa a Nachanza dzulo, akuti ndi pawa sapulayi yatsopano. Ine pochoka m'mawa uja kompyuta inali bwinobwino. Inu munali muno. Anathamangiranji kukagula ichi?”

“Ukamufunse yekha kumanda,” anatero Nyozani, n'kutembenuka.

Mawu amenewo anamveka mpaka kwa anthu a nyumba yachitatu. Amayi ena amene ankachapa pampopi anagwira pakamwa.

Masana a tsiku lomwelo anatsegula chitseko cha kachipinda kaja n'kuitana aliyense wodutsa. Ankafuna mboni. Anthu anabwera, poti a ku Chilinde sakana zoonera, koma anaunjikana pakhomo ndi pawindo. Palibe amene analola kukhala pampando wa kumanzere.

“Chabwino, amantha inu,” anatero Nyozani. “Ndisewera ndi kompyuta.”

Anasankha timu yake, yofiira. Asanasankhe ya adani, kachizindikiro ka wosewera wachiwiri kanayaka kokha pa sikirini, n'kuyenda pang'onopang'ono, n'kukaima pa timu yoyera. Padi yachiwiri inali mudirowa, ikadali m'pulasitiki yake. Anthu anayang'anana.

“Ndi mmene imachitira gemu yatsopano,” anatero Nyozani. Mawu ake anatuluka opyapyala.

Wezulo inalira, mpira unayamba. Mphindi zoyambirira zinayenda bwino, ndipo iye anayamba kulimba mtima, kumatukwana osewera ake monga mwa nthawi zonse. Kenako timu yoyera inatenga mpira n'kuubwezera kwa goloboyi wake. Goloboyiyo anaima nawo, osaumenya, kudikira kuti Nyozani apse mtima n'kuthamangira kutsogolo. Atangothamangira, mpira unadutsa pamwamba pa onse, ndipo chigoli chinalowa.

Kondakitala uja, amene anali pawindo, analankhula mosaganiza. “Kaseweredwe aka ndi ka Leke.”

“Tseka pakamwa!”

Chachiwiri chinalowa asanapite kopuma. Chachitatu chinalowa pa 60. Chigoli chilichonse chikalowa, kumanzere kwa Nyozani kunkamveka kaphokoso kakang'ono, kukhuthyu, kukhuthyu, ngati mano akuphwanya kanthu kouma. Amene anali pafupi ndi khomo anabwerera m'mbuyo. Nyozani sanacheuke. Maso ake anali pa wotchi ya gemu.

Pa 75 anayamba kumwetulira. Kwa nthawi yoyamba ankafuna kuti ithime. Ikathima, anthu aziti makina ndi oonongeka, osati iye wagonja. 78. 79. 80.

81.

Mafani anapitiriza kulira. Wosewera wa timu yoyera anatenga mpira, n'kudutsa mmodzi, n'kudutsa wachiwiri, n'kutsala ndi goloboyi. Pamenepo anaima, phazi lili pa mpira. Wotchi inaima naye. Osewera onse pabwalo anaima. Ankadikira.

Nyozani anadziwa chimene ankadikira, ndipo dzanja lake linapita lokha. Anazula pulagi. Sikirini sinaphethire n'komwe. Anadzuka n'kukathimitsa swichi yaikulu ya pakhoma. Babu linathima, fani yaikulu ija inaima, koma bwalo lobiriwira linali chiwalire mumdima wa m'chipindamo, ndipo wosewera uja anali chiimire, phazi pa mpira. Pulagi inali lende m'dzanja la Nyozani, aliyense akuiona.

Apa mtima wake unaphulika. Anatembenukira mpando wopanda munthu uja n'kukuwa, malovu akuuluka:

“Ukufuna chiyani? Inde, ndinazula ndine! Ndinazula, ndinaiotcha! Ndiye ndinakutuma ndine kuti ukwere njinga? Unkandiseka! Chaka chonse ukundiseka, mwana wa dzulodzulo iwe, ine mkulu wako!”

Atatha kukuwa ndi pamene anaona kuti anthu a pakhomo apatuka. Pakati pawo panaima Sungeni, kakatoni kophwanyika kaja kali m'manja, Nachanza ali pambuyo pake. Anali atamva zonse. Chilinde yense anali atamva.

Pa sikirini, wosewera uja anasuntha phazi n'kuukankha mpira pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kudzutsa mwana. Unadutsa pakati pa miyendo ya goloboyi n'kukagona mu ukonde. Zinayi kwa duu. Wotchi inayambanso kuyenda. Nyozani anagwera pampando wake, ndipo padi inali m'manja mwake ngakhale sankakumbukira kuti waitola liti. Anasewera mphindi zotsalazo misozi ikutsika. Sinali misozi ya chisoni ayi, inali ya ukali ndi mantha. Wezulo yomaliza italira, anapumira m'mwamba.

“Basi,” anatero. “Wawina. Watha mpira wako. Zipita.”

Pa sikirini panabwera funso lija limabwera mpira ukatha, lofunsa ngati osewera akufuna kubwereza. Kachizindikiro ka wosewera wachiwiri kanayenda, kosafulumira, n'kukaima povomera.

Nyozani anayesa kuika padi pansi. Zala zake zinakana kutambasuka. Anayesa kudzuka, koma china chake chinamugwira paphewa la kumanzere, mofatsa, monga mmene munthu amagwirira m'bale wake pomuuza kuti asapite msanga. Matimu anali atalowa kale m'bwalo.

“Asisi,” anaitana, maso ali kwa Nachanza, “thimitsani chinthuchi. Chonde. Mumadziwa inu.”

“Ndithimitse pati?” anayankha Nachanza. “Pulagi ili pansi apo.”

Ndiye anatembenukira kwa Sungeni. Munthu uja wa mawu ngati lole analankhula ngati mwana.

“Alamu. Alamu anga, muuzeni. Inu akumverani. Muuzeni kuti ndapepesa.”

Sungeni analowa m'chipindamo, koyamba chiyambire. Anaika kakatoni kaja pathebulo, pambali pa chibokosi choyeracho. Anayang'ana mpando wa kumanzere kanthawi, ndipo nkhope yake inafewa pang'ono. Kenako anayang'ana mlamu wake, ndipo inaumanso.

“Sewerani, alamu,” anatero. “Iye tsopano alibe kothamangira.”

Anatuluka n'kukoka chitseko. Wezulo inalira m'katimo.

M'mawa mwake achibale anakumana kwa Sungeni monga anapangana. Anayala mphasa, n'kuikapo zovala, nsapato, njinga yakapalasa, mabuku, ziwiya. A malume a Kachingwe anagawa chimodzichimodzi, aliyense n'kulandira ndi manja awiri. Nyozani sanabwere. Amene anatumidwa kukamuitana anabwerako msanga, n'kunena kuti wagogoda koma wangomva phokoso la mpira, ndipo atasuzumira pawindo waona msana wa munthu ndi zala zikuyenda.

Pomaliza panatsala thumba la feteleza lija ndi chibokosi chakuda. A malume anafunsa ngati pali woifuna kompyuta. Anthu anayang'ana pansi. Anafunsanso kachiwiri, ndipo ngakhale ana a mlongo wa malemu, amene kale ankailira, anangokhala duu.

A malume anakhosomola, n'kupukuta pamphumi ndi kansalu.

“Mwana uja Nyozani anaifunitsitsa,” anatero. “Ndiye ife monga eni mbumba tikuti ndi yake. Mukamutulire zotsalazi pakhomo. Asadzaibwezenso.”

Palibe amene anatsutsa.